Ana Atatu ku Kabula

Omvera a m'boma la Zomba akuudziwa bwino msewu wopita ku Blantyre ndi malo ake oimapo basi: Thondwe, Namadzi, Njuli, Kachere, kenaka Limbe. Kuchokera ku Zomba ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70, ndipo anthu amalonda amauyenda m'mawa ndi kubwerera madzulo osauwerengera n'komwe kuti ndi ulendo. Komatu m'midzi ya m'mbali mwa msewu umenewu muli ana ambiri amene amawerenga magalimoto odutsa tsiku ndi tsiku, koma kumene magalimotowo amathera sanafikeko. Nkhani ya lero ndi ya ana atatu otere, ndi makolo awo amene anawatenga kukaona mzinda pa tchuthi cha Ufulu m'chaka cha 2025.

Bambo wa banjali ndi telala, ndipo makina ake amakhala pakhonde la sitolo ina pa Thondwe. Mayi amagulitsa tomato ndi kabichi. Mwana wawo woyamba ndi mtsikana wa zaka 11, wa Sitandade 5. Wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 6. Mzime ndi kamtsikana kamene pa nthawiyo kanali kasanachoke kumsana.

Chimene chinayambitsa zonse ndi funso. Mtsikana uja anabwera kuchokera kusukulu tsiku lina ali ndi nkhani ya tchalitchi chakale cha ku Blantyre, chimene aphunzitsi anati chinamangidwa ndi munthu wosaphunzira za zomangamanga, nafunsa bambo ake ngati chilipodi. Bamboyo anayankha kuti chilipo. Atafunsidwa kuti m'kati mwake ndi motani, anasowa chonena. Iye anali atapita ku Limbe kosawerengeka kukagula nsalu, ulusi ndi mazipi, koma ulendo uliwonse ankatsika basi, kulowa m'sitolo ziwiri kapena zitatu, ndi kukwera ina yobwerera. Usiku umenewo anauza mkazi wake kuti akufuna ana akaone mzinda.

Mayiyo sanavomere msanga, ndipo palibe angamudzudzule. Ndalama zimene mwamuna wake ankanena zinali zimene iye anagawana ndi anzake ku banki m'khonde, ndipo zinali ndi ntchito yake kale: kuyambira thumba la feteleza, amene mtengo wake wakhala wopweteka alimi chichepereni mphamvu kwa kwacha mu Novembala 2023.

"Bambo, zoona ndi maso sizikhutitsa mwana," anatero mayiyo.

"Ndamva, Anaphiri. Koma mwanayu akamawerenga za Blantyre amayesa ndi nthano. Mwezi wa Ogasiti ndidzasoka mayunifolomu mpaka usiku, ndalamayo idzabwerera m'malo mwake."

Anapangana malire. Anatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamazo, osapitirira apo. Kogona kunali kwa mlongo wake wa bamboyo ku Chilobwe, ndipo chakudya chamasana chinali chonyamula kunyumba. Tsiku la 6 Julayi linagwa Lamulungu chaka chimenecho, kotero kuti Lolemba linali la tchuthi, ndipo banjalo linali ndi masiku atatu popanda mwana kujomba kusukulu.

Mayiyo anaphika mbatata ndi mazira, natsira thobwa m'chigubu, namanga ufa, nandolo ndi nkhuku imodzi zokapereka kwa alamu ake. Pakuti m'tauni chilichonse n'chogula, kuyambira makala mpaka madzi, ndipo alendo asanu ofika chimanjamanja amasiya bala m'nyumba imene agona. Bamboyo anakonzekera m'njira ziwiri. Choyamba, analemba pa katoni imene amalembapo miyeso ya makasitomala malo asanu ndi awiri oti aone: nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, bwalo la mpira la Kamuzu, nyumba ya Mandala, tchalitchi chija, msika wa Limbe, bwalo la ndege ku Chileka ndi phiri la Michiru. Unali mndandanda wabwino, koma woyezedwa ndi miyendo ya munthu wamkulu. Chachiwiri, anadula tinsalu toyera titatu, nalembapo nambala ya foni yake ndi inki yosafufutika, natisokerera m'kati mwa kolala ya chovala cha mwana aliyense. Mkazi wake anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mwayesa ana anga ndi mabelo a fodya opita ku okushoni?"

Ananyamuka Loweruka m'mamawa kuli chisanu. M'minibasi analipira mipando itatu yokha, mnyamata pamiyendo pa bambo ake, nkhuku pansi pa mpando. Atangodutsa Namadzi, kumene kuli njira yopita ku Magomero kumene amishoni a Bishop Mackenzie anakhala mu 1861, mnyamatayo anasanza thobwa lonse limene anamwa kunyumba. Bamboyo anali atakonza zouza ana ake za Magomero ndi za John Chilembwe pamene phiri la Chiradzulu lidzaonekera, koma nthawi imeneyo anali kalikiliki kupukuta nsapato za mayi wina ndi kupepesa kwa kondakitala.

Limbe ndi tauni imene inakula chifukwa cha njanji. Sitima yapamtunda inafika kuderali mu 1908, ndipo masitolo, mafakitale a fodya ndi nyumba za antchito zinatsatira. Limbe ndi Blantyre zinali matauni awiri osiyana mpaka mu 1956 pamene zinaphatikizidwa, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 800,000 mu mzinda wonsewo. Kwa mwana wa pa Thondwe, zinaoneka ngati onsewo asonkhana podepoti m'mawa umenewo. Oitanira minibasi anali kukuwa mayina a malo, akabaza kuliza mabelu, anyamata a mawilibala kukankha matumba a mbatata pakati pa miyendo ya anthu. Mtsikana uja, amene kwawo saopa kanthu, anagwira chitenje cha mayi ake osachisiya. Mwamwayi mwana wa azakhali awo anali atawachingamira, ndipo anatenga ufa ndi nkhuku kupita nazo ku Chilobwe.

Malo oyamba pa katoni paja anali Chichiri. Nyumba yosungiramo zinthu zakaleyi inatsegulidwa mu 1966. Isanamangidwe, zinthuzo zinkasungidwa ku Mandala. M'kati muli zida za miyala ndi zachitsulo za anthu akale, ng'oma ndi zoimbira zina, ndalama za makedzana, ndi zinthu zokumbutsa malonda a akapolo. Mulinso mwala wolemera makilogalamu 93 umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu Januwale 1981. Mtsikanayo anaima pamwalapo nthawi yaitali, nawerenga mau onse olembedwa pambali pake, nafunsa ngati mwala wina wotere ungagwere pa denga la kwawo. Mayi ake anati ndi bwino osaitana zinthu zotere ndi pakamwa.

Koma mnyamata sanafune za m'nyumbamo. Panja pali injini yakale ya sitima yoyendera nthunzi, ndipo iye ataiona anangoti kakasi. Anaizungulira, nagwira gudumu lake, nasuzumira kunsi, nafunsa kumene ankasonkhera moto, kumene ankathira madzi, ndi chifukwa chimene inalekera kuyenda. Bambo ake anayankha zimene ankadziwa, kwinaku akuyang'ana nthawi pa foni. Pa katoni paja Chichiri inapatsidwa ola limodzi. Anakhalapo maola atatu, nadyera pomwepo mbatata ndi mazira pa udzu. Pochoka mwanayo analira, ndipo chinali chilungamo kuti alire, pakuti iye anali atapeza kale chimene anabwerera.

Apa ndi pamene bamboyo analakwitsa. Poona kuti nthawi yatha ndipo ndalama ya minibasi ya anthu anayi ingagule buledi wa mawa, anati ayende wapansi mpaka ku Mandala, pakuti pamenepo si patali. Si patalidi kwa telala wa zaka zake. Anatsata msewu waukulu wa Masauko Chipembere, naona chipilala cha chikumbutso cha ufulu chimene chinatambalala pamwamba pa msewu, nadutsa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu amangochitcha Gulupu. Mnyamata anayamba kutsalira m'mbuyo; nsapato zatsopano zinali zitamutupitsa chithendene. Kakhanda kanadzuka ndi njala. Ndipo kumwamba kunayamba kusintha monga kumachitira ku Blantyre mwezi wa Julayi: nkhungu inaphimba phiri la Ndirande, mphepo yozizira inabwera ndi mvula yowaza. Ichi ndi chiperoni, chimene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mphepoyo imachokera.

Anafika ku Mandala atanyowa. Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene inkayendetsedwa ndi abale awiri a ku Scotland, John ndi Frederick Moir, ndipo ndiyo nyumba yakale koposa zonse zimene zikali chiimire m'dziko muno. John Moir ankavala magalasi a maso amene ankanyezimira padzuwa, anthu namutcha Mandala, ndipo dzinalo linapita kunyumba, kukampani, ndi kudera lonselo. Bamboyo anafotokoza zonsezi ataima panja, ndipo anazifotokoza bwino. Mtsikana anamvetsera mwaulemu akunjenjemera. Mnyamata anafunsa ngati kumeneko kuli sitima. Anakhalapo mphindi khumi.

Kuchokera ku Mandala anatsikira ku Mibawa, pafupi ndi msika wa Blantyre, kukakwera minibasi ya ku Chilobwe. Inali nthawi imene anthu amaweruka ndi kugula ndiwo, kunja kukuda msanga chifukwa cha mitambo. Mayi anaima kuti amange bwino mwana kumsana, napereka chikwama kwa mtsikana. Bambo anasiya dzanja la mnyamata kuti atulutse ndalama m'thumba la m'kati, nafunsa woitanira mtengo wa ulendowo. Atatembenuka, mwanayo panalibe.

Makolo amene zinawachitikirapo akudziwa kuti pa nthawi yotere mutu umaima. Bamboyo anathamangira kumsewu, kumene kunali zoopsa zoposa. Mayiyo anauza mtsikana kuti aime pa mtengo wa magetsi osasuntha ngakhale phazi limodzi, nalowa pakati pa mabenchi a ogulitsa akuitana dzina la mwana wake. Ena anamuyang'ana ndi chisoni, ena anafunsa mtundu wa malaya amene anavala, mnyamata wina wa wilibala anasiya katundu wake nathamangira kumlatho kukayang'ana. Palibe anamuona. Mwana wa zaka 6 pakati pa anthu oimirira saoneka, ndipo naye saona kanthu koma miyendo ndi majumbo.

Panapita mphindi ngati makumi awiri foni ya bamboyo isanalire. Anali mau a mayi wosamudziwa.

"Pepani bambo, kodi mwataya mwana? Ali pano, pa benchi yanga ya nthochi. Musathamange, sapita kulikonse, ndamugwira."

Mwanayo anali atatsata mnyamata wina woyendetsa galimoto ya mawaya, ndipo pamene galimotoyo inakhota iye sanadziwenso kumene anachokera. Mayi wa nthochiyo anamuona akuzungulira malo amodzi akulira, namufunsa kwawo. Anayankha kuti kwawo ndi kunyumba. Anamufunsa dzina la bambo ake. Anati ndi Ababa. Ndi pamene ankamupukuta madzi a mvula m'khosi pamene mayiyo anaona kansalu koyera kaja. Makolo atafika anapeza mwana akudya nthochi yachiwiri. Bamboyo anatulutsa ndalama kuti athokoze, koma mayiyo anakana, nanena kuti nayenso ali ndi ana. Analola kokha kuti agule phava limodzi la nthochi pa mtengo wake. M'minibasi mayi wa mwanayo sanalankhule kanthu mpaka ku Chilobwe, koma dzanja lake linali pa kolala ya mnyamatayo njira yonse.

Azakhali anawalandira ndi madzi otentha osamba ndi nsima ya nkhuku ija. Atamva za ku Mibawa anakalipira mlongo wawo pamaso pa ana.

"Achimwene, mzindawu suthawa. Munafuna kuumaliza tsiku limodzi ngati mukukolola munda wa eni?"

Bamboyo sanayankhe. Usiku umenewo anatulutsa katoni ija, naiyang'ana, naibwezera m'thumba.

M'mawa wa Lamulungu nkhungu inali itachoka, ndipo phiri la Soche linaoneka lonse pamwamba pa nyumba. Mtsikana ndiye anaona mizere ikuluikulu yotsika m'phirimo, kumene kunali miyala yokhayokha popanda mtengo, nafunsa kuti msewu umenewo unalambulidwa ndi yani. Azakhali anakhala kaye chete. Kenaka anamuuza za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mmene mvula inagwera masiku angapo osaleka, ndi mmene matope ndi miyala zinatsikira m'phirimo ndi kukokolola nyumba ndi anthu amene anali m'katimo. Anatchula mabanja amene ankapemphera nawo. Mtsikanayo anali atamva za Freddy pa wailesi ndipo kwawonso mvula ija inagwetsa makoma, koma anali asanaonepo phiri long'ambika. Izi sizinali pa katoni ya bambo ake. Mnyamata naye anali ndi funso lake: anatsegula mpopi wa panja, nafunsa kumene madziwo amabisala. Msuweni wake anamuuza kuti ambiri mwa madzi a mzindawo amachokera kutali ku mtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, ndipo makina amawakankha kukwera mapiri mpaka ku Blantyre. Mwanayo anafuna kudziwa ngati makinawo ndi aakulu kuposa sitima.

Tsiku limenelo anapita malo amodzi okha, ndipo anapita pa minibasi. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikika m'dziko la mfumu Kapeni, pa malo amene Henry Henderson anasankha mothandizidwa ndi Tom Bokwito. Anaitcha Blantyre pokumbukira tauni ya ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira, ngakhale anthu ambiri mpaka lero amati ku Kabula. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinayamba kumangidwa mu 1888 ndipo chinapatulidwa mu Meyi 1891. Wotsogolera ntchitoyo anali m'busa David Clement Scott, yemweyo amene anasonkhanitsa mau a Chimang'anja m'dikishonale yaikulu imene inasindikizidwa mu 1892. Scott sanali mmisiri wa nyumba, ndipo anthu amene anagwira naye ntchito anali a m'midzi yozungulira, amene anali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa anaziumba ndi kuziotcha konko, ndipo amene anaziwerenga akuti mitundu yake imafika 81.

Banjalo linafika anthu akutuluka m'mapemphero, ndipo linali ndi nthawi yochuluka, pakuti panalibe kwina kothamangira. Mtsikana anazungulira nyumbayo kawiri, akuwerenga mitundu ya njerwa ndi chala: zamakona, zozungulira, zosongoka, zokhala ngati zopota. Anafika pa 19 nasokonezeka, nayambiranso. Analowa m'kati mwakachetechete, nayang'ana m'mwamba mmene makoma amapindikira ndi kukumana popanda mzati wa chitsulo, ndi kuwala kolowera m'mawindo a magalasi amitundu. Anafunsa bambo ake kuti zinatheka bwanji.

Telalayo anayang'ana khoma monga amayang'anira jekete losokedwa ndi munthu wina, kufuna kuona pamene msoko unakhota. Anayendetsa dzanja pa mzere wa njerwa, napeza kuti wawongoka.

"Mwanangu, mabuku amatchula mzungu mmodzi, ndipo nzeru zake n'zosakanika. Koma njerwa iyi inaumbidwa ndi munthu, inanyamulidwa ndi munthu, ndipo amene anaiika apa anali ndi diso. Anali anthu ngati agogo ako."

Mtsikanayo anafunsa mayina awo. Bamboyo anati sawadziwa, ndipo akafunse aphunzitsi Lachiwiri. Mnyamata pa nthawiyi anali atavula nsapato zija, akuthamangitsana ndi ana ena pa kapinga, mayi ake atakhala pamthunzi pamalo pamene ankamuona bwinobwino. Madzulo ana anasewera ndi asuweni awo, ndipo kutada anakwera pa chulu kuseri kwa nyumba kukaona magetsi a mzinda kuyambira ku Ndirande mpaka kumene maso amalekezera. Izi sizinadye tambala.

Lolemba anabwerera. Ku Limbe bamboyo anagula ulusi wake, mwana aliyense atagwiridwa dzanja, ndipo mayiyo sanalole kuti mnyamata amwe kanthu asanakwere minibasi. Anafika pa Thondwe dzuwa lili pamutu. Madzulo mayiyo anakhuthula kachikwama kake pamphasa nawerenga zotsala, napeza kuti apyola malire aja ndi mtengo wa phava limodzi la nthochi ndi pulasitala wa chithendene. Ananena kuti zimenezo azionjezere pa ngongole ya mayunifolomu a Ogasiti, ndipo bamboyo anavomera.

Pa malo asanu ndi awiri aja anaona atatu. Katoni ija ili m'kabati ya makina osokera, Chileka ndi Michiru zikali zosadulidwa mzere. Mtsikana anakafunsadi aphunzitsi ake za amisiri a tchalitchi chija, ndipo aphunzitsiwo analonjeza kufufuza. Mnyamata akafunsidwa zimene anaona ku Blantyre amatchula sitima, kenaka mayi wa nthochi. Ndipo sabata yotsatira mayi wina wogulitsa anyezi, amene anali kupita ndi ana ake awiri ku ukwati ku Ndirande, anabwera pakhonde la telala ndi malaya awiri ndi nambala ya foni yolembedwa pa pepala, nafunsa mtengo wosokerera kansalu m'kolala.